Jekete Loyera la Mlamu Wanga

Ine Rabecca ndinakhalapo kholo kwa miyezi isanu, koma Loweruka lokhalokha. Masiku enawo ndinali mayi wa ana atatu wa ku Ndake, wolima thonje ndi chimanga ngati wina aliyense. Loweruka likafika ndinkalawirira kupita ku famu ya mzungu wina m'mbali mwa msewu waukulu, pakati pa Nyimba ndi Petauke, n'kukavula diresi, n'kusanduka agogo a agogo anga mpaka dzuwa litapendeka.

Mzunguyo tinkamutchula Bwana Kabuku, chifukwa sankapereka ngakhale moni asanasuzumire m'kabuku kake kakuda. Kale anali wa zamalimidwe, ndipo atapuma ntchito m'zaka zija za Chitaganya anamangitsa chimene ankati Mudzi wa Makolo. Munali nyumba zisanu zozungulira, nkhokwe ziwiri, khola la mbuzi ndi kamunda ka mawere ndi mapira, zonsezo m'kati mwa mpanda wa bango. Kuseri kwa mpandawo kunali munda wina wa mizere yowongoka, ng'ombe ziwiri ndi pulawo yopakidwa penti yofiira. Alendo odutsa pamsewu ankayamba aonetsedwa ife, kenako pulawo ija, kuti aone okha kumene tinachokera ndi kumene azungu atifikitsa.

Malamulo ake anali ochokera m'kabuku momwemo. Kholo silivala nsapato, kholo silivala korona m'khosi, kholo silidyera m'mbale yachitsulo. Tikafika tinkavula zonsezo n'kuziponya m'nkhokwe imodzi, moti mlendo akanangosuzumira akanapeza kuti makolo athu ankakolola nsapato zamatayala ndi mipango. A Whiteson, amene ankaimbitsa kwaya kutchalitchi kwathu, ndiwo anali sing'anga. Ankakhala pachikopa n'kumagwedeza nsupa yopanda kanthu uku akung'ung'udza nyimbo ya pa Misa. Ine ndinali woumba mbiya. Chibadwire sindinaumbepo ngakhale kambale ka nkhuku, koma Bwana anandiyang'ana zala n'kunena kuti ndi zala za woumba. Ndinkangofinyafinya dongo tsiku lonse, ndipo mbiya zokongola zimene ankaika pambali pangapo zinali zogula ku Luembe.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankaloledwa nsapato m'mudzimo: mlamu wanga Eustace Sakala, mwamuna wa mng'ono wanga Eneless. Iyeyu anachokera ku Katete, anafika Sitandade Sikisi, ndipo ntchito yake inali yotsogolera alendo ndi kuwamasulira. Bwana anamupatsa jekete loyera la mabatani achitsulo. Eustace ankalikonda jeketelo kuposa mmene amuna ena amakondera njinga. Ntchentche ikatera paphewa ankaipempha kuti ichoke, osaimenya, kuopa banga.

Tsono Eustace anali mkamwini pamudzi pathu kwa zaka zitatu. Ankalima munda wa amayi athu, a Perpetua, ndi mbewu ya m'nkhokwe ya amayi, n'kukolola zolowa m'nkhokwe yomweyo. Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso. Akakumana nawo panjira amapatukira kutchire, ndipo ngati pali mawu amayenda kudzera mwa munthu wina. Zaka zitatu zonsezo Eustace ankawadziwa amayi mawu ndi zidendene zokha.

Chimene ankafuna ndi mtima wake wonse chinali chitengwa, kuti amutenge Eneless azikakhala pa okha, iye akhale mwini khomo. Eneless anali woyembekezera, ndipo Eustace ankalakalaka mwanayo atabadwira pakhomo pamene bambo ake sayenda chozemba. Anatumiza mawu kwa amayi kudzera mwa ine. Amayi anati ayankha akakolola. Tinakolola, tinatuta, tinapukusa, yankho osabwera. Eustace anaganiza kuti amayi akudikira kuti aone ngati ali ndi pogwira, ndiye anaika mtima wonse pa kalata imene Bwana Kabuku anamulonjeza, yomuchitira umboni kuti akapeze ntchito ya ukalaliki ku Petauke. Kalatayo inali yoti ailandire Loweruka limene kunkabwera alendo akuluakulu ochokera ku Halale.

Ndipo ndi Loweruka lomwelo limene amayi anasankha kuti akaone makolo awo.

Anthu akuda tinkaloledwa kuona mudziwo m'mawa, alendo enieni asanafike. Ndili pa dongo langa ndinangoona ambulera yakuda ikulowa pachipata. Pansi pake panali amayi, atavala diresi lawo la Lamulungu, korona ili pakhosi. Eustace anali atapita kale kumsewu kukadikira magalimoto, ndiye sanawaone.

"Amai, mwabwela kudzachita chani kuno?" ndinafunsa.

"Nabwela kuona amai ŵanga. Namva kuti mzungu anaŵaukitsa."

Anayamba kuyendera mudziwo ngati munthu wogula mbuzi yodwala. Anaima pankhokwe, anagwedeza mwendo wake umodzi, n'kunena kuti khoswe angakwere pamenepo ngakhale ali ndi ndodo. Anasuzumira m'kamunda ka mawere n'kupeza kuti anawabzala m'mizere.

"Mawele amawaza," anatero. "Awa aimilila monga asilikali. Ayembekeza kulandila nduna?"

A Whiteson atawaona anabisa nsupa kumbuyo. Amayi anangowafunsa ngati mawa adzaimbitsa kwaya ali pachikopa chomwecho. Atafika pa ine anayang'ana chimene ndinali nditaumba m'mawawo. Kunena zoona, tsiku limenelo ndi limene dongo linandimvera koyamba, ndipo panatuluka kanthu kokhala ngati mphika, kopendekera kumodzi. Ndinali nako ndi chimwemwe chachikulu. Amayi anafunsa ngati ndi chisa cha namzeze.

Koma chimene chinawapweteka mtima chinali pamphero. Wopera mawere anali Ennie, mkazi wa kuki wa Bwana, amene anabadwira ku migodi ndipo mphero anaionera pafamu pomwepo. Ankagubuduza mwala waung'ono ngati akusita malaya, mawere n'kumathawira m'mbali. Nyanda yake, nsalu ya makungwa a mtengo imene makolo ankavala, anaikwezera m'khwapa, pamwamba pa pitikoti, n'kuimanga ndi pini.

"Nyanda ya pini," anatero amayi. "Choka apo, mwana iwe, ungaphe mwala."

Anapinda ambulera, anagwada, anagwira mwala. Ndinali nditaiwala mmene amayi amaperera, chifukwa chibwerere chigayo ku Nyimba mphero yathu inasanduka pokhalira agalu. Thupi lonse linkapita ndi kubwerera, mwala ukulira mawu amodzimodzi, ufa n'kumagwa wosalala m'lichero. Tonse tinasiya zabodza zathu n'kumayang'ana.

Bwana Kabuku anatulukira kuseri kwa khola. Ataona amayi anatsegula kabuku, anawayang'ana, anayang'ananso m'kabuku, nkhope yonse ili ngwee ndi chisangalalo. Chinyanja chake chinali cha munthu wolamula ng'ombe.

"Iwe mai, iwe kudziwa. Iwe vala nyanda. Alendo bwela manje."

Ndinkaganiza kuti amayi amulalatira chifukwa cha "iwe" ameneyo. Koma munthu wonyada ukamuuza kuti ndiye yekha wodziwa, watha naye. Anatenga nyanda kwa Ennie, anazula pini n'kuitaya, analowa m'nyumba ina. Anatuluka nyanda ili m'chiuno, pachifuwa palibe kanthu, mmene amayi awo ankavalira. Pamudzi zimenezo si nkhani. Mayi wachikulire amagwira ntchito chotero kukatentha, ndipo palibe amatembenuka. Padziko lonse lapansi panali munthu mmodzi yekha wosayenera kuona zimenezo, ndipo kumsewu kunali kutamveka kale kutsekedwa kwa zitseko za magalimoto.

Ndinakwawira pafupi nawo. "Amai, a Sakala abwela na alendo lomba apa. Loŵani m'nyumba."

"Nayamba kupela. Sinisiya ufa pamphelo."

"Akakuonani telo, mudzakamba kuti alibe ulemu, muŵamane Eneless."

"Ngati ni munthu, adziŵa chochita."

Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero ndimati amayi sanachite bwino. Galu wamkota sakandira pachabe, ndikudziwa, koma kumutchera munthu msampha pamaso pa azungu khumi, pa tsiku la kalata yake, n'kuuma mtima.

Mawu a Eustace ankamveka akuyandikira, akufotokoza za khola m'Chingerezi chake chosalala. Kuthamangira kukamuuza sindikanatha, chifukwa Bwana anali ataima pakati panjira. Ndiye ndinachita chimene chinandibwerera. Ndinayamba kuimba mokweza, pa kamvekedwe ka nyimbo ya pamtondo, uku ndikumenya dongo:

"Wa jekete, wa jekete, yang'ana kunkhokwe,
apongozi ali pamphelo, nyanda ili m'chiuno."

A Whiteson, poti ndi munthu wa kwaya, anayamba kuvomera ndi besi. Alendo anatulukira akumwetulira, ndipo dona wina wa chipewa chachikulu anaomba m'manja, atamva nyimbo yeniyeni ya makolo.

Eustace anaima pakati pa chiganizo. Anazungulira pa chidendene chimodzi, anayang'ana kunkhokwe ya nsapato ija, n'kugwada pafumbi ndi thalauza lake losita. Kenako anapitiriza kufotokoza za kupera mawere kwa alendo amene tsopano anali kumbuyo kwake.

Poyamba azunguwo anaganiza kuti ndi mbali ya chionetsero. Dona wa chipewa anafunsa funso. Zimene ankanena m'Chingerezi Eustace anadzandiuza pambuyo pake, koma mmene mawu ankayendera ndinaona ndekha. Dona ankafunsa msana wa Eustace, Eustace ankauza ine, ine ndinkauza amayi amene anali pafupi moti anamva kale, ndipo yankho linkabwerera njira yomweyo.

"Alamu," anatero Eustace, "muŵafunse amai kuti ali na zaka zingati."

Ndinafunsa. Amayi sanasiye kupera. "Uŵauze a Sakala aŵafunse adona kuti mano awo ni awo-awo kapena ni obweleka."

Ndinapereka uthengawo wonse osachotsapo kanthu, chifukwa mlamu ndi wako womuseka ngakhale pamaliro. Eustace anauza dona kuti mayiyu akuti anabadwa chaka cha dzombe. Dona anasangalala, anafunsanso ngati mayiyu amakonda moyo wakale kapena watsopano.

"Uŵauze kuti kale kunalibe anthu oimilila chabe n'kumayang'ana munthu apela, osamuthandiza," anatero amayi.

Eustace anamasulira kuti mayiyu akuthokoza kwambiri chifukwa cha pulawo.

Zikanathera pomwepo, akanapulumuka. Koma pakati pa alendowo panali mzungu wina wamtali wokhala ndi kamera pamimba, ndipo anapeza nzeru. Anafuna chithunzi cha zakale ndi zatsopano pamodzi: mayi wa nyanda atagwada pamphero, mnyamata wa jekete ataima pambali pake, dzanja lili paphewa la mayiyo, onse akuyang'ana kamera. Bwana Kabuku anaikonda nzeruyo kwambiri.

"Eustace, imilila. Tembenuka. Pita kwa mai."

Eustace sanasunthe. Anafotokoza mwaulemu, ali chigwadire, kuti mayiwa ndi apongozi ake, ndipo kuti sangawayang'ane, nanji kuwagwira paphewa. Bwana anatsegula kabuku. Anatembenuza masamba, anabwerera, ananyowetsa chala. Anaupeza mwambowo, ndipo anawerengera alendo mokweza kuti unalipo kale koma unatha chifukwa cha sukulu ndi mamishoni. Kenako anamuuza Eustace mawu amene mlamu wanga sanawaiwale: kuti m'mudzi muno miyambo ndi ya ovala nyanda, ndipo wovala jekete alibe mwambo. Anagwira thumba lake la pachifuwa, mmene munkasuzumira envulopu, n'kunena kuti sangalembere umboni munthu wosamva.

Mapanga awiri avumbwitsa. Ndinamumvera chisoni mlamu wanga kuposa mmene ndinamverapo chisoni mwamuna aliyense. Ndinkaona thukuta likutsikira m'kolala. Akatembenuka, kalata alandira koma amayi amumana Eneless. Akapanda kutembenuka, kalata yapita, ndipo m'maganizo mwake popanda kalata panalibenso chitengwa. Mwala wa amayi unali utasiya kulira. A Whiteson nsupa ili m'manja, pakamwa pali yasa.

Eustace anaimirira. Anamasula mabatani achitsulo aja limodzilimodzi, anavula jekete, n'kuyamba kuyenda chobwerera m'mbuyo, maso ali kunkhokwe, dzanja logwira jeketelo atalitambasulira kumbuyo. Pa sitepe yachitatu phazi lake linatera pa mphika wanga, mphika umodzi wokha umene ndinaumbapo pamoyo wanga, n'kuusandutsa chikondamoyo. Sanaime mpaka jeketelo litandikhudza pamphumi.

"Alamu, muŵafunditse amai. Anthu aŵa aŵayang'ana kwambili."

Ndinalandira n'kuwafunditsa. Amayi analowetsa manja okha. Eustace sanadutse panjira. Analowa m'kamunda ka mapira, monga achitira mkamwini akakumana ndi apongozi, anadutsa pakati pake, anang'amba mpanda wa bango n'kutulukira kumunda wa pulawo. Tinangoona malaya ake akuchepa kulowera kumsewu.

Bwana Kabuku anafiira mpaka m'makutu. Anauza alendo kuti zimenezi si za m'chionetsero, ndi za chipani cha Kongeresi, chimene chawononga anyamata ophunzira m'dziko muno. Alendo anagwedeza mitu momvetsa. Wa kamera sanajambule, chifukwa kholo la jekete linalibe ntchito kwa iye, ndipo onse anapita kukaona pulawo. Amayi anamaliza kupera mawere amene anali pamwala, anasesera ufa m'lichero, anakhalakhala pang'ono pafupi ndi dengu la mawere osapera, kenako anakavala diresi lawo, jekete pamwamba. Ine Bwana anandiuza kuti ndisadzabwerenso, chifukwa kuki anamumasulira nyimbo ija. Tinayenda ulendo wonse wobwerera, amayi patsogolo ndi ambulera, matumba a jekete atatupa mbali zonse.

Masiku atatu anadutsa. Eneless ankangolira m'nyumba. Eustace ankalawirira kumunda wa amayi kukazula mapesi a thonje, ntchito imene palibe anamutuma, n'kumabwera madzulo manja ali matuza. Anandiuza kuti za chitengwa wazisiya, chifukwa munthu wochotsedwa ntchito alibe pakamwa popemphera mwana wa eni. Ndinapita kwa amayi n'kuwauza zonse zimene zinali kukhosi kwanga, kuti amuphera munthu tsogolo chifukwa cha kunyada ndi mwala. Anandimvetsera mpaka ndinatopa, kenako anandituma kukabwereka simbi ya makala kwa aphunzitsi.

Tsiku lachinayi m'mawa anandiitana. Jekete linali litachapidwa ndi kusitidwa, loyera kuposa mmene Bwana analiperekera, koma matumba ake anali atatupanso. Anandipatsa pamodzi ndi mawu oti ndikanene.

Ndinamupeza Eustace akunola khasu kuseri kwa nyumba yake. Ataona jeketelo nkhope inagwa, poganiza kuti ndiko kumulongedzera katundu. Analandira ndi manja awiri, anamva kulemera, n'kupisa dzanja m'thumba. Anatulutsa mawere odzaza chikhatho, aja a m'dengu la Bwana Kabuku.

"Ni chani ichi, alamu?"

"Ni mbeu. Amai akuti mawele aŵa safuna nthaka ya kuno. Akuti mukaŵabyale kwanu ku Katete, m'munda wanu, ndipo osati m'mizele. Eneless adziŵa kuwaza kwake, anamuphunzitsa ali mwana."

Eustace anayang'ana mawere aja m'chikhatho mwake. Zaka zitatu anabzala mbewu ya amayi m'munda wa amayi, ndipo aka kanali koyamba kupatsidwa yake.

"Koma kalata nilibe," anatero. "Nchito nilibe. Mwaŵauza?"

"Adziŵa. Akuti mwana wao sanamukwatitse kwa kalata. Akutinso mvula isanagwe mukhale mutachoka, chifukwa mimba siyembekeza munthu."

Anabweza mawere aja m'thumba mosamala, kuti ngakhale kambewu kamodzi kasagwe, kenako anatembenuka n'kuyang'ana kunkhokwe, mapewa akugwedezeka. Inenso m'maso munali mutadzaza, koma mlamu samulirira pamaso.

"Tembenukani, alamu," ndinatero. "Ine sindine apongozi anu. Ndipo mukalibe kunipepesa za mphika wanga."

Sanatembenuke. Anangokweza jekete lija n'kupukutira nkhope.